Nsapato za Hilda

Katawa, Mzuzu
Juni 1987

Okondedwa achemwali a Jenet,

Ndiyambe ndi kufunsa moyo wanu, wa alamu ndi wa ana kumeneko ku Mulanje. Mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno m'thupi tili bwino, kungoti kukuzizira koopsa, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Kalatayi sindinaponye ku positi, chifukwa chake mukuchidziwa. Ndapatsira a Wahabu, oyendetsa lole aja, pamodzi ndi kaphukusi. Mukawerenga muiotche.

Sukulu ya Hilda inapalana ubwenzi ndi sukulu ina ya ku Ulaya. Akuti ana akumeneko amaphunzira za mmene timakhalira ife a maiko osauka, athunso n'kumaphunzira za iwo. Chaka chatha kunabwera mphunzitsi wachizungu ndi kamera, kenaka kunafika makatoni a mabuku.

Mwezi watha kunafika kabuku ka zithunzi kamene ana akumeneko amaphunzirira. Hilda anabwera nako akudumphadumpha, akuti amayi, ndili pachikuto! Kuyang'ana, mwana wanga mapazi mbuu, wopanda nsapato, ngati alibe mwini.

Achemwali, Hilda nsapato ali nazo, ndinazikhetsera thukuta pamakina anga osokerawa, ntchito imene palibe anandiphunzitsa. Nditamupanikiza Hildayo, anaulula kuti aphunzitsi ake, a Msiska, anauza ana onse a nsapato kuti avule, eti azungu akaona ana ovala bwino mabuku sabwera.

Mumandidziwa. Pamsonkhano wa makolo ndinaimirira, kabuku m'manja, n'kuwafunsa a Msiska ngati mwana wanga ndi mbale yopemphera. Ndinati mawa iwonso avule buluku tiwajambule, mwina azungu atumiza ndi madesiki omwe. Anthu anafa ndi kuseka. Sindinaone kuti kumbuyo kwakhala atcheyamani a chipani a dera lathu.

M'mawa mwake atcheyamaniwo anafika pakhonde panga ndi ayufi awiri. Anandiyamikira, akuti ndine mayi weniweni. Akuti m'dziko muno anthu akuvala bwino, ndiye wovula ana nsapato kuti azungu aseke boma ndi woukira. Akufuna Loweruka ndikabwereze mawu omwewo ku ofesi, nsapatozo ndikaonetse ngati umboni.

Dzulo kunabwera akazi a Msiska, mwana kumsana, wina m'mimba. Sanandinyoze. Anangogwada pafupi ndi makina, n'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chitumbukacho, akuti amama, amuna wanga akatengedwa sabwerako. Akuti mabuku amene Hilda akuwerenga ndi omwewo anabwera chifukwa cha zithunzizo. Ndinafuna kuwayankha kuti amuna awowo akanaganiza zimenezo asanavule mwana wa eni.

A Msiska analakwa, ndipo ndidzawauzabe pamaso. Koma ine ndinkafuna apepese basi, osati akaolere kundende.

Ndiye Loweruka ndikukanama, ine amene ngakhale kasitomala ndimamuuza poyera kuti diresi silikumukhala. Ndikanena kuti pa nthawi ya chithunzi Hilda analibedi nsapato. Zimene anthu akhala akumuona nazo ndi za Mary wanu, munatibwereka pa Khrisimasi, ndipo mwaziitanitsa. Kumsonkhano ndinangolalata chifukwa cha manyazi. Katawa yense aseka, telala wamwano uja kubwereka nsapato! Aseke.

Pempho langa ndi ili. Nsapato zili m'kaphukusimo, Mary azivale kuti zizioneka zake. Wina akadzafunsa, mudzanene zomwe ndalembazi, osaonjezera. Alamu muwafotokozere bwino, musawabisire, popeza ndakulowetsani nonse m'nkhani yosakukhudzani. Mukakana sindikwiya, koma a Msiska apita, mwinanso ndi ine ndemwe.

Lero Hilda wapita kusukulu wopanda nsapato, mvula yamawawa ikugwa, chithunzi chija chasanduka choona. Sanalire. Ali pakhomo anangondifunsa ngati tsopano kunama n'kololedwa. Ndinamukalipira kuti afulumire, achedwa. Akabwera andifunsanso, ndikumudziwa.

Mulungu akusungeni nonse. Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Mary, ndi kwa amalume a Cosmas, koma iwowo musawauze kanthu, pakamwa pawo n'chimodzimodzi ndi panga. Loweruka m'mawa mutipempherere.

Ndine mng'ono wanu,
Nelia