Ampulifaya ya a Gilibati Yafika

Achimwene a Wilson,

Foni inalira tikusesa pa maliro a amuna anga, alamu anu a Gilibati. Anali a shopu ya ku Nathenje, kunena kuti ampulifaya yokuzira nyimbo, ya mababu m'kati ija, imene munawatumizira malemuwo yafika. Ndinangoti zikomo.

Kaya muli bwanji ku Joniko? Mukukumbuka mmene anakuvutitsirani posankha? Ankafuna yotsika mtengo, yoti alumikize okha. Ankati mababuwo akatentha nyimbo zimamveka mofatsa.

Ana ali bwino. Ine sindikukhazikika, buku ndikungolitsegula n'kulitseka. Abale a malemuwo akubwera Loweruka kudzagawa katundu, ndipo za bokosi la ampulifayalo sindinawauze. Mundilangize msanga.

Pakhoma patsala masipika awiri amene a Gilibati anakhoma okha, mawaya akulendewera.

Ndine mlongo wanu kuno ku Mitundu,
Tawina