Chala Chimodzi, Mayina Asanu ndi Awiri

Lolemba, 5 Febuluwale

Msonkhano wa komiti yoyang'anira kafukufuku wa zachipatala pa yunivesite. Madokotala asanu ndi ine, mzamba wopuma pantchito, amene anandiika kuti ndiziimira anthu wamba. Ena amaganiza kuti ndimabwerera tiyi. Lero ndapempha kuona mapepala amene amayi oyembekezera amadindapo chala povomera kumwa mapiritsi atsopano owonjezera magazi amene akuyesedwa. Pulofesa Wumbei, wapampando wathu, akuti, "Mma Lariba, maso anuwo muwavutitsiranji? Zonse zili m'malo." Akandilankhula mokoma chonchi m'pamene ndimayamba kukayika.

Lachiwiri, 6 Febuluwale

Mapepala andipatsa monyinyirika. Zaka makumi atatu ndakhala ndikugwira manja a amayi pobereka, zala ndimazidziwa. Mapepala asanu ndi awiri, mayina osiyana, koma chala n'chimodzi: chachikulu ngati supuni, chipsera chodutsa pakati. Mkazi wanji wa chala chotere?

Mboni pa onsewo ndi Azara, namwino woyenda m'makomo.

Lachinayi, 8 Febuluwale

Azara ndam'peza akudya waakye, mpunga wophikira pamodzi ndi nyemba, kuseri kwa labotale. Nditangotchula chipsera, wasiya kutafuna. "Mma, ndili ndi ana atatu ine. Kafunseni akuluakulu." Ndimaganiza kuti anadinda yekha kuti chiwerengero chikwane, koma zala zake n'zowonda, zosalala. Nanga ndani? Dalaivala amene amam'yendetsa? Tsopano ndikungosuzumira zala za aliyense, ngakhale za Pulofesa.

Lachisanu, 9 Febuluwale

Pulofesa wandiimbira. Alendo othandiza kafukufukuyu abwera pa 20. "Zisalowe m'zolemba za msonkhano, Mma. Tikonza mwakachetechete." Akonza chiyani, poti zonse zili m'malo?

Lolemba, 12 Febuluwale

Chala chija ndachipeza pamsika! Ndimagula nyama kwa Afa Issahaku, ndiye pondipatsira phukusi, nachi. Amayi onse aja ndi a m'mpanda mwake: mkazi wake wamng'ono, akazi a ana ake ndi a abale ake.

Sanabise, wachita kuseka. "Mpeni unandiluma ndili mnyamata, Mma. Eya, ndinadinda ndine. Mlendo akafika pakhomo amalankhula ndi mwini khomo. Akazi adetse zala ndi inki ine ndilipo?"

Ndiye kuti amayiwo akumwetsedwa mankhwala osafunsidwa. Azara anaopa kum'tsutsa, akanam'tsekera chipata. Pulofesa ankadziwa? Mtima wanga ukuti inde. Ndakwiya mpaka nyamayo ndaiiwala pathebulo pomwepo.

Lachitatu, 14 Febuluwale

Ndauza komiti kuti nkhaniyi ilembedwe, apo ayi ndisiya udindowu ndipo aliyense wondifunsa ndimuuza chifukwa. Yalembedwa. Pulofesa, osandiyang'ana, akuti, "Chabwino, kadinditseninso. Chachikulu n'choti mankhwala akumwa, ndipo zotsatira zathu n'zodalirika."

Masana tapita ndi Azara kunyumba kwa Afa, mwiniwake ali kumsika. Amayi akhala pamphasa pabwalo, ine n'kuwawerengera pepala lonse m'Chidagbani, chilankhulo chathu, pang'onopang'ono. Kenako Sanatu, mkazi wa mwana wotsiriza wa Afa, wapathupi pa miyezi isanu ndi iwiri, wafunsa chapansipansi.

"Mma, ndikakana, tsiku lobereka adzandibweza pachipatala?"

"Ayi, mwanangu. Ungakane, adzakulandira."

"Zoona?"

"Ndidzakuperekeza ndekha."

Walowa m'chipinda mwake n'kutuluka ndi chitini cha tomato. Wachikhuthula pamphasa. Mapiritsi a miyezi iwiri, onse, osachotsapo ndi limodzi lomwe.

"Fungo lake limandichititsa nseru," akutero. "Komanso palibe anandifunsa."

Azara wagwira pakamwa. M'buku lake, lomwe Pulofesa akufuna kuonetsa alendo, zalembedwa kuti Sanatu sanadumphepo tsiku osamwa mapiritsi. Ndisanatsegule n'komwe inki, amayi ena anayi anyamuka, aliyense kulowera kuchipinda kwake, ndipo tayamba kumva zitini zikulira.