Mwana Amene Anatsala Kwa Maluwa

Kafue Estates
Kafue

Okondedwa Achemwali Mainess,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu a Jethro. Kodi mwendo wawo uja unasiya kutupa? Nanga ntchito ya kuchipatala ikuyenda bwanji? Kuno ku Kafue kwatentha koopsa, mvula sinayambe. Ine ndili bwino. Amayi m'thupi ali bwino ndipo akudya, koma mutu ndi womwe uja. Lero andidziwa, mawa anditchula dzina la malemu Atate.

Mudabwa kulandira kalata pomwe foni ilipo. Ndinakuimbirani sabata ino, ndipo munamva nokha kuti ndinangofunsa za nyengo ya ku Solwezi n'kudula. Zimene ndinafuna kunena zinandikanika. Papepala mwina ndikwanitsa.

Loweruka lapitali ndinapita ndi Amayi Kwa Maluwa, nyumba yakale ya mzungu ija ili kuseri kwa Shimabala. Ndi kumene Atate anayambira ntchito atangofika kuchokera ku Dedza, asanalowe ku fakitale ya nsalu, ife tonse tisanabadwe. Masiku ano anaikonza. Anthu amapita kukaona nyumbayo ndi munda wake wa mitengo, ena kukajambulitsa zithunzi za ukwati. Ndinawerenga penapake kuti munthu woiwalaiwala amathandizika ukamufikitsa kumene anakhalako kale. Sindinafunse munthu. Ndinkaona ngati ndaganiza chanzeru.

Mayi woyang'anira malowo, Ba Gwendolyn, anatilandira bwino n'kutiphatikiza ndi alendo ena. Koma Amayi anakana kukwera masitepe a kumaso. Akuti iwo salowera khomo limenelo. Anazungulira okha kukalowera kukhitchini, n'kuvula nsapato pakhomo. Alendo ena anaseka chamumtima. Ine ndinayang'ana kumbali ngati sindili nawo.

M'nyumbamo muli pansi pofiira popukutidwa bwino, nyanga za nyama pakhoma, piyano yotseka ndi mabedi achitsulo. Amayi sanayang'ane chilichonse. Anangofunsa Ba Gwendolyn monong'ona ngati Dona, mkazi wa mzungu uja, wadzuka.

Kumunda ndiye kokongola. Kuli njira ya nsungwi zazitali zokumana pamwamba, migwalangwa, ndi dziwe la maluwa oyandama. Mtengo uliwonse uli ndi kachitsulo kolembapo dzina lake ndi dziko limene unachokera. Mukundidziwa ine ndi zolembedwa. Ndinayamba kuwerenga tizitsuloto kamodzikamodzi, ndikuwamasulira Amayi. Nditatembenuka kuti ndione ngati akumva, Amayi panalibe.

Achemwali, ndinathamangira kudziwe kaye. Ndinazungulira m'mphepete monse ndikuyang'ana pansi pa masamba. Ndinafunsa akwati ena amene ankajambulitsa, koma palibe anawaona. Ndinaitana mpaka mawu anasasa.

Ndinawapeza kumapeto kwenikweni kwa munda, kumene kuli mkuyu waukulu ndi chulu. Pamalopo anazungulizapo chingwe n'kukhomapo zikhomo. Amuna atatu anali chilili ndi mapiki m'manja, mbali ina atakumba kale kufika m'mawondo. Amayi anali khale pansi m'kati mwa chingwecho, miyendo atatambasula, chitenje atafunda kumutu ngati pamaliro.

Mmodzi wa okumbawo anandifunsa ngati ambuyawa ndi anga. Amvekere ndiwachotse msanga, apa si pa siteshoni, ndipo ngati akufuna mthunzi mitengo ndi yambiri. Nditafunsa chimene ankakumba, anati ndi dzenje la zimbudzi za alendo a maukwati, ndipo liyenera kutha mvula isanagwe.

Ndinalumpha chingwe kuti ndiwadzutse. Amayi anakuwa ndi mawu amene sindinawamvepo chibadwire. Anati ndisaponde, ndibwerere, mwamuna safika pamenepo. Ananditchula dzina langa lenileni, Jeffrey. Maso awo anali a munthu wodziwa bwino chimene akunena.

Ba Gwendolyn anabwera akuthamanga. Poyamba anali atakwiya, koma atawaona Amayi anagwada kunja kwa chingwe n'kuwafunsa pang'onopang'ono chimene chavuta. Amayi anati amuna achoke kaye. Okumba aja anapita akung'ung'udza. Ine ndinangopita kuseri kwa mkuyu, choncho zonse ndinazimva.

Amayi anati pamenepo pagona mwana wawo woyamba, wamkazi. Anabadwira m'komboni ya antchito imene inali chapafupi, koma anabadwa wakufa. Amayi akuluakulu a m'komboni anamukulunga m'kansalu n'kukamuika kutchire kuja, okhaokha, monga amachitira ndi nthayo. Sanakumbe mozama, poti amati ukazamitsa, mayiyo sadzaberekanso. Amayi anauzidwa kuti asalire ngakhale pang'ono. Atate sanaonetsedwe malowo mpaka kufa kwawo. Amayinso sanafunike kudziwa, koma mnzawo wina anawanong'oneza. Akuti ankadutsapo ndi nkhuni pamutu osaima, kungochepetsa liwiro.

Achemwali, inu si woyamba kubadwa. Ine ndinakula ndikudziwa kuti tilipo awiri.

Kunena zoona, ndinakayika. Munthu yemweyu anali atangofunsa ngati Dona wadzuka. Ndinaganizanso kuti patapita zaka zonsezi, kamwana kotero m'dothi simungatsale kanthu. Ndinaganiza choncho ndili kuseri kwa mtengo, Amayi ali pansi, ndipo sindikudziwa ngati munthu woganiza choncho ali ndi mtima.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ndinatsatira Mayi Fines a m'chigwirizano cha amayi, aja anakhala nawo limodzi m'komboni nthawi imeneyo. Ndinawafunsa mozungulira. Anandifunsa kuti zinthu za amayi ngati zimenezi ndazimva kwa yani. Anati ndikhale chete, mwana wamwamuna safunsa zimenezo. Sananene kuti n'zabodza. Ananditembenukira msana akupukuta m'maso.

Ba Gwendolyn ndi munthu wabwino. Anandiuza poyera kuti iwo ndi a Pentekoste ndipo miyambo yotereyi sakhulupirira, koma sangaike chimbudzi pamwamba pa mwana wa munthu. Aimitsa okumba. Vuto ndi loti pakati pa mkuyu ndi chulu ndi potakasuka, ndipo mapaipi anayala kale kuloza komweko. Akuti akhoza kusuntha dzenjelo pang'ono ngati wina awaonetsa penipeni pamene pali mwanayo. Eni malowo ali ku Lusaka ndipo sakudziwa kanthu. Ba Gwendolyn akuti angawazengereze mpaka kutha kwa mwezi uno. Kupitirira apo ntchito yawo ikhala pamoto.

Tinawachonderera Amayi kuti aloze. Anakana. Akuti mlendo sangamuonetse, ngakhale ali wamkazi. Ine anandiuza kuti ndamva kale zochuluka. Anati malo otero amaonetsa mwana wako wamkazi, ndiye Mainess abwere.

Apa ndiye pamene pandivuta kulemba.

Ndikudziwa chifukwa chimene simunapondenso kuno zaka ziwiri. Ndinali pakhomo la wodi tsiku lija mwana wanu atabadwa wosalira. Ndinamva Amayi akukuuzani kuti mupukute misozi, mwana wotere salilidwa, mudzabereka wina. Ndinaona mmene munatembenukira kukhoma. Sindikunena kuti Amayi anachita bwino. Mpaka pano mawu aja amandipweteka, ndiye kuli bwanji inu. Sindikukupemphaninso kuti muiwale.

Ndingokuuzani zimene ndinaona m'minibasi pobwerera. Amayi analira kuchokera pa Shimabala mpaka kufika m'tauni. Sanakuwe, misozi inkangotsika, dzanja lawo litagwira malaya anga. Kondakitala anayamba ndi nthabwala, akuti ambuya asalire, tiketi ndi yomweyo, koma kenako anauza dalaivala kuti atsitse wailesi. Titayandikira pamsika Amayi anandiuza kuti iwo analetsedwa kulira, ndipo nawonso anakamuletsa Mainess, poti ankaopa kuti akalira sadzabereka. Anandifunsa ngati munaberekanso. Ndinati ayi, sizinachitikebe. Anati ndiye anakuletsani pachabe.

Chimene chikundiopsa ndi mutu wawo. Lolemba ankakumbukira zonse, mpaka mtundu wa kansalu kaja. Lachitatu nditatchula za Kwa Maluwa anandifunsa kuti ndi kuti kumeneko. Lero m'mawa akumbukiranso, ndipo afunsa ngati ndakuuzani. Masiku abwino akuchepa. Mukachedwa, mwina mudzawapeza atakhala pansi pa mkuyu uja osadziwa chimene abwerera, ndipo palibenso wina padziko pano amene angaloze. Mayi Fines ndinawafunsanso kudzera mwa mdzukulu wawo, akuti iwo sanali m'gulu la amene anakamuika mwanayo.

Nthawi zina ndimaganiza kuti ndikanangowasiya kunyumba Loweruka lija, bwenzi dzenje litakumbidwa popanda wodziwa, aliyense ali pamtendere. Nthawi zina ndimaganiza kuti Mulungu ndiye anatifikitsa tsiku limenelo, mapiki asanafike pakati. Sindikudziwa choona ndi chiti. Inu mumaganiza mofulumira kuposa ine.

Chonde bwerani, Achemwali. Simukuyenera kugona m'nyumba muno ngati simukufuna, ndikupezerani kwina. Simukuyenera kulankhula nawo zambiri. Mungolowa nawo m'chingwe muja, akuonetseni, inu mukauze Ba Gwendolyn. Ine ndikakudikirani kuchipata pamodzi ndi amuna anzanga.

Ngati simungathe, sindikuweruzani. Koma mundiuze msanga ndiponso mosabisa. Ba Gwendolyn akudikira yankho langa, ndipo ndiyenera kupeza mawu owauzira kuti akumbe. Ndiyeneranso kupeza choyankha Amayi, chifukwa galimoto ikangoima pamsewu amadzuka kukasuzumira pazenera.

Mundiperekere moni kwa alamu a Jethro, muwauze kuti ndikuwapempha akuloleni ulendowu. Moni kwa apongozi anu ndi onse a pakhomopo. Ambuye akusungeni, akupatseni mphamvu, ndipo akuyendetseni bwino pamsewu ngati mubwera.

Ndine mlongo wanu,

Jeffrey