Zilembo za pa Baji Yanga

Rufunsa,
14 Novembala 2024

Okondedwa ba Aaron, mlongo wanga,

Landirani moni wochokera kuno kwanu. Muli bwanji ku Solwezi, inu, alamu ndi ana? Nanga amayi akudzuka bwanji? Kuno mvula yayamba, anthu ali kalikiliki kubzala chimanga. Amuna anga ba Maybin ali bwino. Ine thupi lilibe vuto, koma mtima ndiye ayi.

Mudabwa kuti masiku ano a foni ndikulemba kalata. Ndayesa, ba Aaron. Foni ya amayi ndikaimba imangolira mpaka kuduka. Ndikaimba yanu ndimangofunsa za mvula ngati chitsiru.

Mwezi watha munandifunsa chimene chinachititsa amayi kusiya ntchito kutatsala zaka ziwiri zokha kuti apume, n'kubwera kwanuko ndi chikwama chimodzi. Ndinakuuzani kuti ndi miyendo ija imawavuta. Ndinanama. Ndine amene ndinawathamangitsa.

Inu mukudziwa kuti mayi wanga wondibereka atamwalira, akulu awo, amayi anu, ananditenga ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Sanandisiyanitse ndi inu ngakhale tsiku limodzi. Unamwino ndinauonera pa iwo. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri agwira pa kiliniki yathu ino ndi kasetifiketi kawo kamodzi kaja. Pamene ndinkachita digiri, ndikapita ku Lusaka kukalemba mayeso, ndi iwo amene ankagwira masiku anga. Khirisimasi ziwiri anadyera m'wodi kuti ine ndiwerenge.

Mu Juni, ba Harriet, amene amayang'anira kiliniki, anatiitana kumsonkhano. Anati tipangitsa mabaji atsopano ovala pachifuwa, ndiye tigwirizane: tilembepo dzina ndi ntchito basi, kapena tiwonjezere maphunziro a munthu?

Mukundidziwa pakamwa panga. Ndinaimirira ndisanapatsidwe n'komwe mpata. Ndinati zaka zinayi ndavutika, maso anachita kufiira ndi mabuku, ndibisirenji? Ndinati madokotala akabwera amatiyesa tonse ongopukuta mabedi, aone kuti nafenso tinaphunzira.

Amayi anayankha mofatsa, mmene amachitira muja. Anati mayi wa ku Shikabeta amene wayenda mtunda wonsewo mwana ali kumbuyo safuna zilembo, amafuna dzina loti akuitane nalo zikavuta. Anatinso mabaji otere adzagawa odwala, ena adzayamba kusankha manja.

Ba Aaron, apa ndi pamene ndinachimwa. Ndinaseka, n'kunena pamaso pa anthu onse kuti okana zilembo ndi amene alibe choti alembe.

Anthu anaseka. Amayi sanaseke. Anangoweramira kukonza wotchi yawo ya pachifuwa ngati yaima. Ine ndinatuluka mumsonkhano muja ndikudzimva kuti ndapambana. Mayo ine!

Mabaji anabwera. Yanga inali ndi RN, RM, BSc, zilembo za maphunziro anga mpaka kumapeto. Ya amayi inali ndi dzina lawo, Carol, ndi tizilembo tiwiri ta kasetifiketi kawo kaja, EN. Anaivala tsiku lomwelo, mowongoka bwinobwino, osadandaula.

Anthu akumudzi analibe nazo ntchito, ankangobwera n'kufunsa kuti amake Aaron alipo? Koma a m'maofesi awa anabwera ndi boma kuchokera ku Lusaka, iwo amawerenga. Amayamba ayang'ana pachifuwa asanakupatse moni.

Lachiwiri lina mu Seputembala, dzuwa lili paliwombo, kunabwera ba Levy, bambo wina wa m'maofesimo, atanyamula mwana wake wamkazi wa zaka ziwiri, dzina lake Mapalo. Mwana anali atatsegula m'mimba masiku atatu. Maso atalowa, khungu ukalitsina osabwerera, kulira komwe analibe mphamvu. Ambulansi inali itapita ndi wodwala wina ku Mpanshya. Chofunika chinali diripi, msangamsanga.

Amayi ndi amene anamulandira. Anali atamanga kale kadzanja, singano ili m'manja, pamene ba Levy anawerenga baji yawo. Anawagwira mkono. Anati mwana wake si wophunzirirapo, amuitanire wa digiri uja anamuona pakhomo.

Anandiitana ndi amayi eni ake. Anati sisita Kezia, bwerani, akufuna inu. Sanandiitanepo choncho chibadwire.

Ndinabaya koyamba, ndinaphonya. Kachiwiri, ndinaphonya. Mitsempha ya mwana wouma madzi imabisala, ba Aaron, m'mabuku amalemba koma chala ndi chimene chimadziwa. Kachitatu ndinaphonyanso, thukuta lili chuchuchu, mwana akungotembenuza maso. Mumtima ndinati basi, afera m'manja mwanga.

Pamenepo amayi anauza ba Levy kuti athamange kugalimoto akatenge bulangete, mwana wazizidwa. Bamboyo atangotuluka, anandisuntha ndi chigongono, anagwira kaphazi ka mwana, anakasisita ndi chala chachikulu kawiri, n'kulowetsa singano kamodzi kokha. Madzi anayamba kuyenda.

Pamene ba Levy ankabwera ndi bulangete, amayi anali atabwerera kumbuyo, atanyamula botolo la diripi m'mwamba, ine ndili ndi pulasitala m'manja ndikumata. Bamboyo anaona madzi akudontha, misozi inatuluka. Anandigwira manja onse awiri. Kenako anatembenukira amayi n'kuwauza kuti mwaona, sukulu ndi sukulu.

Ndinali ndi pakamwa, ba Aaron. Pakamwa pomwe paja pa kumsonkhano. Mawu ochepa chabe akanakwana, kuti si ine, ndi awa. Ndinayang'ana amayi, iwo anali kuyang'ana botolo. Ndinati zikomo, tayesetsa.

Mapalo anachira. Loweruka ba Levy anabwera kunyumba za antchito atatenga chitenge chatsopano, chobiriwira, cha mtengo wake. Anandipeza pakhonde la amayi tikusenda mtedza, n'kundipatsa pomwepo iwo akuona. Atapita, ndinachisiya pampando ngati chotentha.

Mukudziwa chimene amayi anachita? Anachitenga, anachipinda m'mphepete pa makina awo aja, anachisita, m'mawa mwake n'kundibweretsera chopindidwa bwino. Anati chitenge chatsopano sachivala chosapinda, chimasosoka. Akanandilalatira bwenzi zili bwino. Akanandimenya mbama ndikanathokoza.

Mwezi usanathe anatenga masiku awo onse a tchuthi, n'kulemba kalata yopuma. Ndinawaperekeza ku Chinyunyu kukakwera basi. Njira yonse ndinkati ndinena tikafika pamsewu, titafika pamsewu ndinati ndinena basi ikaoneka. Basi inabwera, kondakitala anatenga chikwama. Iwo anangoti ndizithirira mpiru wawo kuseri kwa nyumba, n'kukwera.

Sindikunena kuti digiri ndi yoipa, iyayi. Ndinaivutikira, ndipo iwonso anaivutikira. Mwina kwina mabaji otere amathandiza, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti ine ndinaitenga n'kumenya nayo munthu amene anandinyamula. Sabata yatha ndinapita ku ofesi ya ba Levy, ndinawauza zonse. Anagwira pakamwa, anati ndiwapepesere kwa amayi. Koma kupepesa kwa ba Levy n'kwachiyani? Amene anawaseka kumsonkhano si ba Levy.

Tsopano pempho langa ndi ili. Muwawerengere amayi kalatayi. Musachite pali ana, dikirani Lamlungu akabwerako kutchalitchi, akhale pansi. Musadumphe paliponse, ngakhale pamene pakundichititsa manyazi.

Ndipo pali china. Ndikudziwa kuti nkhani iyi siyenera kuyamba kumveka kwa mlongo wamwamuna, mundikhululukire, ndilibe njira ina. Ndili ndi pakati, miyezi itatu. Patatha zaka zisanu ndi chimodzi za m'banja popanda mwana, anthu akundinena, amayi akugwada nane pamodzi kupempha. Ndinadziwa patangotha sabata imodzi atachoka. Ndinathamanga mpaka pakhomo pawo ndisanakumbukire kuti pali loko.

Ndidzachira mu Meyi, Mulungu akalola. Pa kiliniki pano a madigiri tilipo atatu tsopano. Ba Maybin akuti tidzapite ku Lusaka kuchipatala chachikulu. Ndakana. Ndikuopa, ba Aaron, ndikuopa kwambiri, ndipo palibe manja ena amene ndikuwakhulupirira.

Muwauze kuti sindikupempha kuti andikhululukire msanga. Ngati safuna kundilankhula, asandilankhule. Abwere chete choncho, adzandiyang'ane ndi nkhope iliyonse imene akufuna. Koma mwana wanga akamadzatuluka, adzagwere m'manja mwawo.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse, aliyense ndi dzina lake. Amayi musawapatse moni wanga ndi pakamwa, mungowagwira dzanja. Ambuye akusungeni pantchito yanu ya kumgodiko, akubwezereni kunyumba tsiku ndi tsiku muli amoyo.

Ndine mlongo wanu wolakwa,
Kezia