Atate aponya khasu pansi

Okondedwa alongo anga a Lameki,

Landirani moni wochokera kuno ku Kanakantapa. Tonse tadzuka bwino, kupatula atate amene munawadwalitsa ndi foni yanu.

Munalimbikira kuti akapimidwe khansa, munthu woti ankalima yekha munda wonse osadandaula ngakhale mutu. Ndinawaperekeza ku Lusaka. Anawatenga magazi, kenako anawadula kanyama, n'kubwera akukodza magazi sabata yathunthu. Adokotala anati kachotupa kalipodi, koma n'kaulesi, ukalamba udzawatenga kasanawachite kanthu.

Atate anangomva liwu limodzi, khansa. Mbuzi agawa kale. Mvula yagwa, mbewu ikadali m'thumba. Dzulo ndinawapatsa khasu, iwo amvekere, "Mwana wanga, nilimire ndani?" Zandinyansa, alongo!

Kupima sindikukana ayi. Ine matenda a azimayi aja anawapeza msanga, ndipo ndinachira. Koma nkhalamba ya mphamvu zake, mukanayamba mwaifunsa ngati ikufuna kudziwa.

Mabotolo a mavitamini musatumizenso. Bwerani mudzawagwiritse khasu nokha, ine sandimveranso, ndipo mvula siidikira.

Moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Tisauke