Laputopu ya a Anjelina yapulumuka

Achimwene a Joel,

Musandifune, ndathamangira kwa mnzanga Maureen, nkhani iyi singakhale m'mimba mwanga ndekha.

Paja munati ndifufute zonse mu laputopu yogulitsa ija, yokulunga m'chitenje cha kutchalitchi. Ndalowetsa fulashi, pulogalamu yofufutira ili m'menemo ija yayaka bwinobwino, koma ikuti disiki sikuiona. Ndazimitsa n'kuyatsa kasanu konse, mpaka kuimenya kambama, koma ayi ndithu.

Kenako atulukira achemwali a Anjelina, ati, "Iwe Phyllis, laputopu yanga ukuitani?" Kani zitenje zofananazo zilipo ziwiri! Ndinatenga yawo, muja muli zithunzi zonse za chinkhoswe chawo, ndipo kwina kulibe. Akuti munawauza kale kuti disiki yawo inakhwefuka pa kabaza, n'chifukwa chake pulogalamu sinaione. Ndiye mabampu a msewu wa ku Magomero ndi amene atipulumutsa!

Fulashi ndaizula, ili m'chitini cha shuga. Chonde musailowetsenso mukamakonza disikiyo. Yogulitsa ija mufufute nokha, ine sindiikhudzanso. Pepanitu.

Koma zithunzizo zikatseguka mundiitane, ndamva kuti apongozi awo anavala nsapato zosiyana.

Phyllis