Mbiri ya a Morton

Kitwe,
14 Ogasiti 2001

Okondedwa asisi Norah,

Kalata yanu inafika. Atate ali bwino, kungoti chifuwa chimawavuta mphepo ikawomba kuchokera ku mgodi. Ine ndilipo.

Mwafunsa kuti nkhani yeniyeni ndi yotani. Mukukumbukira a Morton Sakala, aja ankaimba besi mu kwaya? Anamwalira mu Meyi. Monga mwa nthawi zonse, a kumpingo anati mbiri ya malemu ndiwerenge ineyo Kingsford, poti ndine ndinapita ku yunivesite. Ndinakhala pansi ndi amayi amasiye, amake Damaris, n'kulemba zonse zimene anandiuza, ngakhale zoti kampani ya makontilakita imene inalemba ntchito amuna awo mgodi utagulitsidwa inkazimitsa mafani a mpweya pansi, ndipo a Morton ankabwera kunyumba akusanza. Ndinawerenga kumanda monga mmene ananenera. Sindinaganizire za bwana wa kampaniyo amene anabweretsa bokosi, ali chiimire kumbuyo kwa azimayi a bungwe la kumpingo la Legio.

Patatha milungu itatu samani ya kukhoti inabwera, akuti ndaipitsa dzina la kampani.

Mwalemba kuti m'chigawo chimene mukukhala ku America kuli lamulo loti mlandu wongoopseza munthu kuti atseke pakamwa, woweruza amautaya msanga. Ndime imeneyo ndaiwerenga kambirimbiri. Ndinaonetsanso loya wanga ku Ndola. Anaseka n'kunena mwaulemu kuti, "Mukwai, mlanduwu iwo sangapambane, ndipo akudziwa. Koma utenga zaka five. Kodi nyumba yanu idzafika kumeneko osagulitsidwa kuti mulipire mlandu?" Mukudziwa kuti nyumba ya mgodi ija tinagula m'dzina langa, ndipo atate alibe kwina kopita.

Anthu oposa 200 anali kumanda tsiku lija. Ndayenda khomo ndi khomo kufuna mboni. A Wilbroad, amene ankagwira shifiti imodzi ndi malemu, anandilandirira pageti. "Mphwanga, ana anga akadali pasukulu. Ine ndinali kutali, sindinamve bwino." Sindikuwaimba mlandu. Kutchalitchi benchi langa limakhala ndi malo ambiri masiku ano, ndipo pamaliro awiri apitawa mbiri anawerenga wina.

Mwina ndinalakwa. Mwina munthu wophunziradi akanadziwa mawu oyenera kusiya. Loya wa kampani anatumiza pepala loti ndivomere kuti zonse ndinapeka ndekha, palibe anandiuza. Ndavomera, lidzatuluka m'nyuzipepala Lamlungu, mlandu n'kutha. Musavutike kutumiza makope a lamulo lanu lija, asisi. Sadzagwiranso ntchito.

Atate akupereka moni, akuti mafuta opaka m'mawondo aja anawathandiza. Sindinawauze kanthu. Moni kwa alamu ndi ana. Amake Damaris nawonso akuti ndikupatseni moni. Anabwera dzulo ndi mbale ya mtedza, nati m'tauni yonse ino ndine ndekha amene ndinawanenera amuna awo zoona. Ndinalandira ndi manja awiri. Mbale yawo ikadali pano, ndiyenera kukabweza lisanafike Lamlungu.

Ndine mlongo wanu,
Kingsford